Tsiku Limene Alifeyo Anaperekeza Mlendo

Sendezani mipando kuno, koma musayembekeze kuti ndikuuzani za mdima ndi akadzidzi. Izi zinachitika dzuwa lili paliwombo, kunja kukuwala mpaka maso kuwawa, ndipo n'chifukwa chake ine zimandiopsa kwambiri.

Ku Chinamwali, mu Zomba, kuli telala wina dzina lake Alifeyo Kamtedza. Munthu ameneyu ulemu unamupitirira muyezo. Mlendo akabwera kwawo, kumulandira sikunali vuto, vuto linali pomuperekeza. Enafe timafika pamsewu, n'kumupatsa mlendo chikwama chake, n'kubwerera. Alifeyo ayi. Iye ankati mwininyumba sayamba kutsanzika, amadikira mlendo anene yekha kuti bwererani pano. Tsiku lina anaperekeza mnzake wamanyazi ngati iye yemwe, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe, mpaka anakwera naye minibasi n'kukatsikira ku Liwonde atavala patapata. Mkazi wake Zelipa, yemwe ndi namwino pachipatala china m'tauni momwemo, nkhani imeneyi ankaikamba akuseka mpaka misozi. Masiku ano saikambanso.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha Zelipa anapatsidwa tchuthi. Malume ake a Alifeyo, a Mkwepu a ku Msaka, ali ndi boti la matanga limene anawasiyira mzungu wina amene anamugwirira ntchito zaka zambiri, ndipo anali akhala akuwaitana kuti adzaone nyanja. Awiriwo anasiya mwana wawo Mwatitha kwa mng'ono wake wa Zelipa n'kunyamuka.

Masiku awiri oyamba anakoma kwabasi. M'mawa mphepo ya vuma inkadzaza thanga, boti n'kumadula madzi popanda phokoso la injini, kulowera kutsidya la ku Makanjira. Akaona gombe lokongola ankaponya nangula n'kutsika, kuyenda pamchenga, kugula nsomba kwa asodzi, Zelipa akutolera Mwatitha tizigoba ta nkhono. Alifeyo kusambira sankadziwa. Ankangolowa mpaka m'mawondo atagwiritsa chingwe cha boti, malume ake akumuseka kuti telala waopa kunyowetsa ulusi. A Mkwepu gombe lililonse ankalidziwa dzina, ankadziwanso amene anamirapo ndi amene anakwatirapo.

Tsiku lachitatu, nthawi ikuthamangira leveni koloko, mphepo inatha. Thanga linangoti lende, nyanja inangoti phee. Boti linayandama lokha n'kukaima pafupi ndi kagombe ka mchenga woyera, kumbuyo kwake kuli phiri la tsekera ndi milambe.

"Malume, pano m'pati?" anafunsa Alifeyo.

"Ndi pagombe basi," anatero a Mkwepu, maso ali pachingwe chimene ankakulunga.

Zelipa yankho limeneli silinamusangalatse. Anayang'ana kumtunda. Panalibe bwato ngakhale limodzi, panalibe thandala loyanikapo usipa, ndipo gombe labwino chonchi asodzi salisiya lopanda kanthu. Koma m'boti munali kutentha ngati mu uvuni, ndipo Alifeyo anali atavala kale nsapato, akuti akufuna akaione nyanja ali pamwamba pa phiri.

"Pansi pano ndi miyala yokhayokha, nangula sagwira bwino," anatero a Mkwepu. "Ine nditsala. Mphepo ya mpoto ikangoyamba ndimenya chitsulo, ndipo mukamva mutsike msanga. Boti silingadikire munthu pamiyala."

Anatsegulanso pakamwa ngati akufuna kuwonjezera mawu, kenako anayang'ana Zelipa n'kubwerera kuchingwe chawo. Pambuyo pake anadzaulula okha kuti manyazi ndiwo anawagwira. Ankaopa kuti apongozi awo, munthu wa sukulu wogwira ntchito ndi madokotala, awaseka akayamba kukamba za kumudzi.

Pamchenga paja panalibe phazi la munthu, la mbuzi, ngakhale la mbalame. Koma atangodutsa mabango anapeza njira, ndipo inali njira yopondeka bwino, yoyera, yopanda ndi kamtengo komwe kopingasa. Anakwera nayo, Alifeyo patsogolo ndi botolo la madzi, Zelipa pambuyo ndi kadengu ka chakudya. Nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa. Atayenda ngati theka la ola zinasiya zonse nthawi imodzi, ndipo Zelipa anayamba kumva kupuma kwake komwe.

"Bambo a Mwatitha, kodi njira imeneyi amayendamo ndani?"

"Anyani kapena. Kapenanso otola nkhuni."

"Anyani amalambula njira?"

Alifeyo anangoseka n'kupitiriza.

Pamwamba pake panali pathyathyathya, pali mitengo ya mango ikuluikulu. Mango samera okha m'phiri, pamakhala pali amene anadzala. Zelipa anaona mafuwa atatu atatu apa ndi apo, akuda ndi utsi wakale, mapale a miphika, ndi mphero itagona m'maudzu. Anali mabwinja. Zimenezi sizinamudabwitse kwenikweni, chifukwa anthu amasamuka. Chimene chinamuimitsa mtima chinali pansi pa mango waukulu wa pakati. Panali posesedwa. Mizere ya tsache inkaoneka bwinobwino, ndipo tsamba limodzi lokha linali lisanagwerepo.

"Tiyeni tikadyere kumchenga," anatero Zelipa.

"Aa, mthunzi wabwino chonchi? Taonani boti lathu uko, likuoneka ngati kambalame. Tidye, tipume, titsike."

Anayala chitenje n'kukhala. Zelipa anatulutsa chinangwa chophika, zidutswa zisanu ndi chimodzi, ndi kampango wowotcha. Anali atangodya chidutswa chimodzi chimodzi pamene mawu anamveka kumbuyo kwawo, m'matsekera.

"Odi."

Anali mawu a munthu wachikulire. Sukanadziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ankamveka ngati akuchokera mumtsuko. Zelipa anasiya kutafuna. Akanakhala ndi kamphindi kamodzi kokha akanamutsina mwamuna wake, koma Alifeyo ndi Alifeyo. Anayankha asanameze ndi chakudya chomwe.

"Odini, odini! Fikani. Mwatipeza tikudya, tiyeni tisambe m'manja."

Tsekera anagawikana pakati n'kubwererana. Sipanatuluke munthu. Koma Alifeyo anasendera kumapeto kwa chitenje kusiya malo, anagwira botolo ndi manja awiri, n'kuyamba kuthira madzi pang'onopang'ono patsogolo pake. Madzi aja sanagwe molunjika. Anafika chapakati, m'malere, n'kumwazika uku ndi uku monga amachitira akagwera pamanja a munthu.

Zelipa wagwira ntchito m'chipatala zaka khumi ndi ziwiri. Watseka maso a anthu ambiri ndipo mtembo saopa. Koma apa anachita mantha, mantha enieni.

"Mukuyankhula ndi ndani?" ananong'ona.

Alifeyo anamuyang'ana ndi diso lodzudzula. "Mayi a Mwatitha, sitinong'onezana pali alendo." Kenako anatembenukira pamalo opanda munthu paja, nkhope ili mwee. "Kaya kumene mwachokera kuli bwanji? Eya. Eya. Ife tachokera ku Zomba, tikungoyenda ndi malume."

Ankasiya mpata, n'kumagwedeza mutu, ndipo mumpatamo Zelipa ankamva kung'ung'udza kotsika kumene mawu ake sankawagwira. Sanafune kuyang'ana pamalopo, ndiye anayang'ana m'mbale. Zidutswa zinayenera kutsala zinayi. Zinalipo zitatu. Anakweza maso kuyang'ana boti, ndipo powabweza zinali ziwiri, ndi kampango atadyedwa mbali imodzi bwinobwino, minga itaikidwa pambali mwaulemu.

Nthawi yomweyo kumunsi kunamveka chitsulo. Nge! Nge! Nge! Masamba a mango anayamba kugwedezeka. Mpoto unali utayamba.

"Bambo a Mwatitha, malume akuitana. Tiyeni."

"Ndamva. Alendonso akuti akupita." Alifeyo anaimirira n'kusasa thalauza. "Ndingowataya apa, ndibwera pompano. Tabweretsani katunduyo, agogo, ndikunyamulireni."

Anawerama, n'kutola chinthu chimene Zelipa sanachione, ndipo phewa lake lamanja linatsika ngati la munthu wonyamula ndowa yodzaza. Anayamba kuyenda, koma osati njira imene anabwerera. Analowera mbali ina ya phiri, akuyenda m'mphepete mwa njira, pakati atasiyira mnzakeyo.

Apa Zelipa anaima pakati ndi pakati. Kutsikira kwa a Mkwepu kunali theka la ola, ndipo pobwerera mwamuna wake akanamupeza kuti? Anasiya kadengu, mbale ndi chitenje pomwepo n'kuthamangira Alifeyo.

Njira inatsetsereka m'miyala ndi m'minga. Alifeyo, munthu wokhala pamakina tsiku lonse, amene popita anapuma katatu, tsopano ankayenda osapunthwa, akucheza. Zelipa ankamva zidutswa za nkhani. Ankafotokoza za mtengo wa nsalu, za mvula ya chaka chatha, za Mwatitha kuti ali Sitandade 4. Atamva dzina la mwana wake likutchulidwa kwa chinthu chimenecho anafulumiza mapazi kuti amupeze.

Anatulukira pagombe lina, laling'ono, la mchenga wofiirira. Apa ndipo Zelipa anaona zimene sanafune kuona. Nsapato za Alifeyo zinkasiya zidindo zake, ndipo pambali pake mchenga unkabooka tizenje tosazama, kamodzi kumanzere kamodzi kumanja, tonyowa, n'kumaumanso pomwepo.

Anamugwira malaya. "Bambo a Mwatitha, taperekeza mokwanira. Chonde tibwerere. Boti litisiya."

"Alendo sananene kuti tibwerere."

"Nenani inuyo!"

"Ine? Ndiwathamangitse anthu akuluakulu ngati amenewa? Mukufuna akatinene kuti a ku Zomba ndi opanda mwambo?"

Anayankhula mofatsa, ndi mawu ake a masiku onse, ndipo zimenezi ndizo zinamuopsa Zelipa kuposa zonse. Akanakhala kuti wazungulira mutu, maso ali psuu, akanadziwa pogwira. Koma uyu anali mwamuna wake yemwe uja, akuchita zimene amachita nthawi zonse. Anamukoka dzanja ndi mphamvu zake zonse, mphamvu zimene amatembenuzira odwala pabedi, ndipo zinali ngati akukoka mtengo.

Chitsulo chinkamvekabe, koma patali, mphepo ikuchidula. Anadutsa gombe lija, anakwera kamtunda ka miyala yotentha, Zelipa bondo atalisupula magazi akuyenderera, n'kutsikira pagombe lachitatu. Ili linali lalitali, lobisika kuseri kwa phiri, ndipo mphepo inali isanafikeko. M'madzi, kutali pang'ono ndi mtunda, munaima zitsa za migwalangwa zakuda, zili m'mizere monga imakhalira mitengo ya pamudzi. Zelipa anazindikira kuti pamenepo panali mtunda kale nyanja isanakwere.

Njira ija sinathere pamchenga. Madzi anali oyera kwambiri moti anaiona ikupitirira pansi pa nyanja, yoyera, yolambulidwa, ikudutsa pakati pa miyala kulowera kuzitsa kuja, mpaka kumene madzi amasanduka obiriwira kenako akuda.

Alifeyo analowa ndi nsapato zomwe. Madzi anafika m'mapazi, m'mawondo. Munthu uja amene dzulo lake sankasiya chingwe cha boti sanacheuke n'komwe.

"Akuti kwawo ndi pompa, tafika kale," anatero. "Ndingowafikitsa pakhomo."

"Simudziwa kusambira, bambo a Mwatitha!"

"Eya, agogo, ndikumva. Pitirizani."

Madzi anafika m'chiuno. Zelipa anali m'madzi momwemo, akulira tsopano osabisa, akumumenya pamsana ndi zibakera, akutchula Mulungu, akutchula mwana. Palibe chimene chinathandiza. Ndiye mumtima mwake munabwera ganizo, ndipo ine ndimati ndi limene linapulumutsa munthu tsiku limenelo. Anaona kuti wakhala akulimbana ndi mwamuna wake njira yonse, koma mlendoyo sanamuyankhule ngakhale liwu limodzi. Sanamupatse moni, sanamuyang'ane. Ndipo Alifeyo sakanabwerera pokhapokha mlendoyo atamumasula.

Anathamanga m'madzimo n'kukawatsekera kutsogolo. Anatembenukira kudzanja lamanzere la mwamuna wake, kumene madzi ankazungulira pang'ono ngati pali chinthu choima, ndipo anagwada. Madzi anamufika m'khosi. Anatulutsa manja n'kuwomba m'manja katatu, mwaulemu wa kwawo.

"Agogo, pepani, sindinakupatseni moni. Ndine mkazi wa bambowa. Mwatiyendera, tathokoza. Koma ife tibwerere pano. Kumene mukupitako bambowa sangafikeko, ndipo kunyumba tasiya mwana."

Kunali zii. Alifeyo anaima, koma phazi lake linali kale m'mwamba kufuna kuponda kutsogolo. Zelipa anamva kuzizira kukumukhudza kumaso ngati wina wamuyandikira kuti amuone bwino. Kunkanunkha matope a pansi pa nyanja ndi utsi wa nkhuni. Anadikira, koma yankho silinabwere.

Pamenepo anayang'ana phewa lotsika lija n'kukumbukira mmene kuperekeza kumathera. Mlendo sangapite yekha katundu wake ali m'manja mwa mwininyumba. Anafikira dzanja la Alifeyo, n'kufunyulula zala zake chimodzichimodzi, ndipo kulemera konse kunagwera m'manja mwake. Chinali chinthu chozizira, choterera, chomangidwa ngati mtolo wa nsalu, ndipo mkati mwake munkagwedezeka. Zelipa mpaka lero sanena zambiri za mtolo umenewo. Anaugwira ndi manja awiri, anaweramitsa mutu, n'kuupereka kutsogolo.

"Katundu wanu nayu, agogo. Muyende bwino."

Anakhala choncho nthawi imene iye amati inali yaitali kuposa ulendo wonse. Kenako manja ake anapepuka. Ndipo mawu aja, kachiwiri tsiku limenelo, anamveka bwinobwino.

"Mwatiperekeza. Bwererani."

Alifeyo anatsitsa phazi. Anaphethira, anayang'ana madzi ali m'chiuno, n'kugwira phewa la mkazi wake ndi mantha a munthu wosadziwa kusambira. Zelipa anaimirira, chimwemwe chitamudzaza mpaka kufuna kugwa. Anamutembenuza n'kuyamba kumukankhira kumtunda. Anayenda mapazi atatu, anayi. Kenako telala uja, pokhala munthu woleredwa bwino, anacheuka n'kukweza dzanja.

"Mufike bwino, agogo! Mudzabwerenso!"

"Ife tabwera kale," anatero mawu aja, akumveka chapansi tsopano. "Kwatsala inu."

Zelipa anaponya dzanja kuti amutseke pakamwa, koma anachedwa.

"Tidzabwera ndithu," anatero Alifeyo.

Posakhalitsa thanga linatulukira kuseri kwa phiri. A Mkwepu anali atazula nangula mafunde atayamba kukankhira boti kumiyala, ndipo ankayenda m'mbali mwa magombe akumenya chitsulo ndi dzanja limodzi, lina lili pachiwongolero. Anawakokera m'boti osafunsa za kadengu kapena za bondo. Atatalikira mtunda, Alifeyo atagona pansi pa thanga tulo tofa nato, m'pamene a Mkwepu anayankhula, maso ali kutsogolo.

"Apongozi, ndikanakuuzani. Ndinalakwa ine. Ndingofunsa chimodzi. Mwana wa mlongo wangayu walonjeza kanthu?"

Zelipa anawauza. A Mkwepu anakhotetsa chiwongolero kulunjika ku Msaka.

"Usiku musadandaule, amenewo usiku sayenda," anatero. "Koma dzuwa likafika pamutu, musamamusiye yekha."

Atabwerera ku Zomba, Zelipa anasamutsa makina osokera kuchoka pakhonde la sitolo n'kuwaika m'nyumba. Kuntchito anapempha kuti azigwira usiku wokhawokha, anzake mpaka kumuseka kuti akuthawa mwamuna. Alifeyo ali bwinobwino. Amasoka, amadya, amapita kutchalitchi, ndipo za tsiku lija amangokumbukira kuti anacheza ndi munthu wachikulire waulemu kwambiri. Koma masiku ena, nthawi ikakwana thwelofu, makina amasiya kulira. Zelipa akadzuka amamupeza ataima pakhomo, atavala jekete, nsapato atapukuta.

"Mayi a Mwatitha, anthu aja tinawalonjeza. Si bwino kunamiza akuluakulu."

Zelipa amamugwira dzanja n'kumuuza kuti tidzapita mawa, lero kwatentha. Amamukhazika pansi, n'kukhala naye chogwira dzanjalo mpaka mthunzi utapendeka. Mpaka pano akumvera, ngakhale kuti mwezi wathawu anayamba kufunsa kuti mawa lakelo lidzafika liti.

Dzana ndinakumana naye Zelipa pamsika, atanyamula tomato, nkhope itagwa. Kuchipatala kwabwera mkulu wa anamwino watsopano, ndipo wati palibe munthu wogwira usiku wokhawokha, aliyense azisinthana ndi anzake. Zelipa wapempha, walira, koma chifukwa chenicheni sangachinene muofesi. Kuyambira Lolemba ali ya masana.